Nkhondo ya Chiwaya inatisiyira chiyani?

FUNSO: Bambo, ine ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Zomba, ndipo m'mawa uliwonse minibasi imandidutsitsa pa chipilala cha asilikali chija cha pafupi ndi Cobbe Barracks. Tsiku lina mwana wanga wa Fomu 2 anandifunsa kuti, "Amayi, nkhondo ija si inali ya azungu ku Ulaya? Nanga ife tikuikumbukiranji?" Ndinangoti kukamwa yasa. Kodi nkhondo imeneyi inasinthadi kanthu kuno kwathu? Ndine mayi wa ku Three Miles.

YANKHO: Mayi, mwanayo musamukalipire, wafunsa bwino. Koma mumuuze kuti zina mwa mfuti zoyamba kulira pa nkhondoyi, yomwe ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, zinalira pa nyanja yathu yomweyi. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inawoloka nyanja n'kukaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pa doko la Sphinxhaven, komwe lero kumatchedwa Liuli ku Tanzania. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho magazi anakhetsedwa ku Karonga. Nthawi imeneyo Mjeremani anali mnansi wathu, malire ake anali pa mtsinje wa Songwe.

Agogo anga aamuna, a kufupi ndi ku Jali, anapita ku nkhondo imeneyi koma mfuti sanaigwireko. Anali mtengatenga. Ndili mwana ankatiuza kuti mfumu inkapatsidwa chiwerengero cha amuna oti ipereke, ndipo amesinjala a boma akafika, anyamata ankagona kutchire ngati anyani. Iwo anagwidwa akuvuula nsomba ku Chilwa. Anawasenzetsa bokosi lomwe mpaka kumwalira kwawo sanadziwe kuti munali chiyani, ulendo wa pansi kukafika ku Fort Johnston, komwe ndi ku Mangochi lero, kenako pa sitima, kenako pansi kachiwiri m'mapiri a kwa Jeremani. Akuti anzawo ambiri sanaphedwe ndi chipolopolo, anatha ndi kamwazi, malungo ndi njala. Nkhondoyi iwo ankaitcha ya Chiwaya, ati chifukwa mfuti ya makina ya asilikali inkalira ngati chimanga chikuthetheka pa chiwaya. Lero mukati chiwaya, mwana wanuyo aganiza za tchipisi cha pa depoti.

Olemba mbiri amati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga oyandikira 200,000, m'dziko lomwe anthu ake anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Taganizani mudzi wanu amuna amphamvu onse atachoka nthawi ya dzinja. Khasu linatsalira amayi ndi nkhalamba, msonkho osaleka, nkhokwe zinapepuka. Ndiye mu 1918 kunagwa fuluwenza, mliri womwe unayenda ndi omwe ankabwerera kuchokera ku nkhondo.

John Chilembwe anaziona izi zikungoyamba kumene. Mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka, omwe sadzapindula kanthu, ndi omwe akutumizidwa kukafa n'kusiya amasiye. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ndipo pa 3 Febuluwale iye anaphedwa. Madandaulo a thangata ndi malo analipo kale, koma chomwe chinakolezera moto ndi nkhondoyi.

Mukadzaona beni akuvinidwa ku Machinga kapena kuno ku Zomba, muyang'anitsitse: wezulo, mayunifolomu, mamendulo, kuguba pa mzere, wina akudzitcha kaputeni. Ndi pelete wa asilikali ameneyo atasanduka gule. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda nawonso fungo lake ndi lomwelo. Ine ndikaonera sindidziwa ngati akunyadira usilikali kapena akuseka mzungu, mwina zonse ziwiri.

Tsono pa za ubale wathu ndi mayiko ena, nkhani yaikulu ndi ya nyanja. Mu 1890 Angerezi ndi Ajeremani anasainirana pangano la Heligoland, lomwe linaika malire m'mbali mwa gombe la kum'mawa, kutanthauza kuti madzi a kumpoto kwa nyanjayi anagwera mbali yathu. Jeremani atagonja, dziko lake lija linaperekedwa m'manja mwa Angerezi pansi pa bungwe la mayiko la nthawi imeneyo, League of Nations, n'kutchedwa Tanganyika. Apa mwini tsidya lino ndi mwini tsidya lija anakhala mmodzi, ndiye ndani akanavutika ndi mzere wa pamadzi? Mapu ena a m'zaka zimenezo anajambula malire pakati pa nyanja, ena m'mbali mwa gombe. Tanganyika italandira ufulu mu 1961, ife mu 1964, aliyense anatola mapu omukomera. Tanzania inanena poyera mu 1967 kuti malire ali pakati, Kamuzu anakana, ndipo mkanganowu unabukanso mu 2012 nkhani yofufuza mafuta itamveka, mpaka mtsogoleri wakale wa Mozambique, Joaquim Chissano, anapemphedwa kukhala mkhalapakati. Mukamva pa wailesi akuluakulu akukokanakokana za nyanja, dziwani kuti ina ndi ngongole ya 1918. Maganizo anga ndi akuti pangano la 1890 lili kumbali yathu, koma msodzi wa ku Liuli naye ayenera kudya.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, inatengera anyamata athu kutali kuposa apa: ku malire a Kenya ndi Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu linachokera ku tauni ya pa malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali athu anamenya nkhondo mu 1940. Ena amakonda kunena kuti obwerera kuchokera ku Burma ndiwo anayambitsa ndale za ufulu. Pamenepo ine ndimakayikako. Nyasaland African Congress inakhazikitsidwa mu 1944 asilikaliwo akadali kunkhondo, ndipo otsogolera ake anali anthu a cholembera monga Levi Mumba ndi James Sangala. Chomwe asilikali anabwera nacho m'midzi ndi nkhani yakuti mzungu naye amathawa, amalira, amafa.

Mwezi wa Novembala kumakhala mwambo wokumbukira asilikali pa chipilala pomwepo. Mudzatseke benchi kwa maola awiri, mumutenge mwanayo akawerenge yekha mayina olembedwa pamenepo, mwina akapeza la kwanu. La agogo anga ndi anzawo a ku Jali musavutike kulifunafuna. Ndinakayang'ana ndili mnyamata, ndi chala, mzere ndi mzere, koma pamenepo palibe.