Kwa achemwali amene akutopa ku ntchito

Achemwali mwafunsa kuti bwanji 2 koloko ikangokwana maso amatsekeka okha pa desiki, ntchito ikungounjikana ndipo mukaweruka mulibe mphamvu olo yophikira ana. Ine ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutaipa pa boma pompano, zimenezi ndinadutsamo chaka chathachi mpaka ndinkadziona ngati munthu waulesi.

Musadzitchule waulesi ayi. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala sikocheza, malata amachita kulira masana, fani ikuzungulira koma ikungokupatsani mphepo yotentha yomweyo, ndiye munthu ufuna uganize bwino bwanji nthawi imeneyo? Ine ndinasiya kulimbana ndi dzuwa. Ndimadzuka adhana ya mmawa ikamamveka ku mzikiti, 6 koloko ndatsegula kale, ndipo ntchito yonse yofuna mutu monga kuwerengera ndalama kapena kutaipa ma CV a anthu ndimaimaliza isanakwane 10, nthawi imeneyinso magetsi akathima masana sindidandaula kwambiri. Masana ndi a zopepuka, kupanga ma stepulo, kusanja mapepala, kuyankha makasitomala. Madzulo ndisanatseke ndimalemba zinthu zitatu zokha mu kope zoti ndiyambe nazo mawa, zitatu basi, chifukwa ukalemba 10 umangoyang'ana pepala nkufooka usanayambe.

Foni ndiye mdani wamkulu, ma gulu a WhatsApp a kutchalitchi, a banki mkhonde, a kumudzi, onse akulira. Mmawa ndimaiika mu drowa data nditathimitsa. Nsima ya masana ndinachepetsa, mitanda itatu ndi usipa pa dzuwa limeneli ndi tulo basi, pano ndimadya iwiri ndipo botolo la madzi la malita 2 limakhala pambali, lizitha ndisanaweruke. Usikunso yesetsani kugona maola 7 kapena 8 mu neti ya udzudzu, osati kuonera ma vidiyo mpaka 12.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi, ngati kutopako kwatenga masabata angapo pitani mukayezetse. Mchimwene wanga wa ku Makawa anakhala miyezi akungofooka, kuyenda pang'ono wefuwefu, ife tikumunena kuti wayamba ulesi, kupita kuchipatala anamupeza ndi likodzo komanso magazi ochepa. Ife a kunyanja timasamba ndi kuchapa mmadzi omwewa, ku Malombe, mu Shire, ndipo likodzo limakudya mwakachetechete, nthawi zina osaona nkomwe magazi mu mkodzo. Anamupatsa mapilitsi a praziquantel ndi oonjezera magazi, patapita mwezi munthu anabwerera mwakale. Malungo nawonso ndi kungobaya chala, mphindi 20 zotsatira zatuluka, ku chipatala cha boma ndi ulere.

China, holide munapitako liti? Lamulo la ntchito kuno ku Malawi limati maola asapitirire 48 pa sabata kupatula ovataimu, ndipo pa chaka muli ndi masiku 18 opuma olipidwa ngati mumagwira masiku 6 pa sabata, 15 ngati mumagwira 5. Ambiri timachita mantha kufunsa abwana, koma kalankhuleni nawo mwaulemu, mutenge olo sabata imodzi mukapume ku Namwera uko kozizirirako. Mukayezetsa mudzatiuze kuno kuti zayenda bwanji achemwali.