Funsani Dokotala: Kodi sikani ya pachifuwa ingationetse ngati khansa ya m'mapapo yafalikira?

Adokotala, ndine mayi wa ku Linthipe m'boma la Dedza. Bambo anga ondibereka ali ndi zaka 68 ndipo akhala akusuta chingambwe chiyambire unyamata wawo. Anamwa mankhwala a TB miyezi 6 yonse osadumphitsa, koma chifuwa sichinathe. Angowonderawondera, ndipo akangoyenda pang'ono amachita befu. Ekisire inaonetsa chotupa m'phapo la kumanja, moti akuganizira khansa. Sabata yatha anawaunika ndi makina aja amaunikira amayi oyembekezera, n'kupeza madzi m'chifuwa. Atiuza kuti tipite ku Lilongwe akajambulidwenso. Kodi madziwa ndiye kuti khansa yafalikira? Nanga sikani yoyambayi siyikukwanira, poti ndalama yoyendera anthu awiri ndi yovuta? Abale ena akukaniza zowapopa madziwo, ati munthu akabayidwa m'nthiti matenda amathamanga.

Pepani mayi, ndipo mwachita bwino kufunsa musanaganize zongokhala pakhomo. Sikani imene anawaunika nayo bambo ndi yothandiza kwambiri, koma ili ndi malire ake, n'chifukwa chake ulendo wa ku Lilongwe ukufunikabe.

Makinawa, amene madokotala amawatchula kuti ultrasound, ndi omwe aja a kusikelo, palibe cholakwika pamenepo. Amatumiza m'thupi phokoso losamveka m'khutu, phokosolo n'kugunda ziwalo, n'kubwerera, ndiye chithunzi chimaoneka pa galasi. Sapweteka, ndipo alibe cheza chonga cha ekisire, choncho munthu angaunikidwe kangapo popanda vuto. Phokosoli limadutsa bwino m'madzi ndi m'mnofu, koma likakumana ndi mpweya kapena fupa limathera pomwepo. Mwana m'mimba amaoneka bwino chifukwa wazunguliridwa ndi madzi. Phapo ndi lodzaza mpweya, komanso latchingidwa ndi nthiti. Zili ngati kusuzumira m'nkhokwe kudzera m'mipata ya nsungwi: chimanga cha m'mbali muchiona, koma cha pakati ayi.

Zam'mbalizo makinawa amazionadi mochititsa kaso. Wodwala timamukhazika pamphepete pa bedi, manja atatsamira pa tebulo, n'kumupaka mafuta oterera aja pamsana, kenako timayendetsa kachipangizo pakati pa nthiti. Phapo labwino limaoneka ngati mzere wowala umene ukutsetsereka munthu akamapuma. Madzi amaoneka akuda bii, ndipo m'kati mwake mumaoneka nsonga ya phapo lofinyika ikuyandama. Pa ekisire yojambula kutsogolo, madzi amayamba kuoneka akafika pafupifupi mamililita 200, pamene sikaniyi imaona ngakhale ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Chotupa chikakhala kuti chagunda khoma la chifuwa timachiona, ndipo ngati chamatirira osasuntha ndi kupuma, kapena chadya nthiti, timadziwa kuti chatulukira kunja kwa phapo. Tinthu totupa pa kansalu kokuta mapapo tikaoneka, mtima wa dokotala umayamba kukayikira khansa kwambiri.

Woyeza wodziwa ntchito sathera pamsana pokha. Amakwera m'khosi, pamwamba pa fupa lopingasa lija, kukafuna mwanabere amene dzanja silingamumve. Amatsikiranso pachiwindi, chifukwa khansa ya m'mapapo imakonda kukamera kumeneko, n'kuyang'ananso ngati madzi azungulira mtima. Mukafunse ngati malo amenewa anawaona.

Sikaniyi ikapeza chinthu, yatiuza zenizeni zofunika kuzitsatira. Ikapanda kupeza, sizitanthauza kuti kulibe. Mwanabere wa pakati pa chifuwa, kuseri kwa fupa la pachidali, kumene khansayi imayamba kufikira, siyimuona. Timadontho ta m'kati mwa phapo linalo, ubongo, mafupa a msana, zonsezi zimaidutsa. Izi zimafuna makina a CT, amene amajambula thupi m'magawomagawo, ndipo kwa anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu chipatala chachikulu chimene amatumizidwako ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komwenso kuli madokotala a khansa. Kumaiko olemera amalowetsanso kapaipi ka sikani kukhosi mpaka m'njira za mpweya kuti atenge mnofu pa mwanabere wa m'katiyo.

Tsopano za madziwo. Madzi m'chifuwa paokha si umboni wa khansa. Kuno kwathu amene amabweretsa madzi otere kawirikawiri ndi TB. Chibayo, mtima wofooka, ngakhale khansa ya Kaposi kwa amene ali ndi HIV, zimachitanso chimodzimodzi. Komanso taonani mawu amene mwalemba, akuti "akuganizira" khansa. Palibe chithunzi, kaya cha sikani kaya cha CT, chimene chimatsimikiza khansa. Chotsimikiza ndi madziwo kapena kachidutswa ka mnofu zikayezedwa ku labotale. Sindikufuna kukunamizani: kwa munthu wa msinkhu umenewu, wosuta zaka zambiri, amene mankhwala a TB sanamuthandize, khansa ili patsogolo pa zoganizira. Ndipo ngati m'madzimo mutapezeka maselo a khansa, ndiye kuti matendawa afika pa gawo 4, lomwe ndi lomaliza, ndipo opaleshoni yochotsa chotupa sithandizanso. Koma zimenezo tizinene zotsatira zitatuluka. Dziwaninso kuti kuyeza koyamba kumagwira khansa mwa anthu pafupifupi 6 pa 10 alionse amene madzi awo ndi a khansa, choncho akati tibwereze, kapena titenge mnofu, musaone ngati akukuzunguzani.

Apa ndi pamene sikani ija imagwira ntchito yake yaikulu. Imamuonetsa dokotala pobaya penipeni, kutali ndi chiwindi, kutali ndi phapo, ndipo ngozi yoboola phapo imachepa. Amayamba abaya mankhwala ochititsa dzanzi, kenako singano n'kulowa pamwamba pa nthiti. Nthawi imodzi sitichotsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka. Ambiri amapumako bwino tsiku lomwelo. Ngati m'khosi mwapezeka mwanabere, kutengapo mnofu pamenepo n'kosavuta kuposa kukafika m'phapo, ndipo yankho limodzi limatiuza zonse ziwiri, mtundu wa matenda ndi pamene afika.

Abale amene akukanizawo muwamvetse, aona anthu akupopedwa madzi kenako n'kumwalira. Chimene chinapha anthuwo ndi matenda amene anali atakula kale, osati singano. Madzi a khansa amabwereranso pakapita masiku kapena masabata, ndiye woona kunja amati kupopako ndiko kwawachulukitsa. Kuwasiya ndi kumene kumamuzunza wodwala, chifukwa phapo limafinyika mpaka kusowa pofufumira. Kambiranani ndi bambo eni ake, thupi ndi lawo, ndipo amalume kapena aliyense amene mawu ake amalemera pabanjapo mupite naye kuchipatala akadzimvere yekha.

Pa nkhani ya ndalama, musangonyamuka. Pemphani amene anakutumizani akulembereni kalata, akufunsireni tsiku, komanso afufuze ngati makina a CT akugwira ntchito sabata imeneyo. Funsaninso ngati pali galimoto ya chipatala yopita ku Lilongwe ndi odwala ena. Ngati bambo akubanika, madzi awapope kaye komweko, chifukwa pa CT munthu amafunika kugona chagada ndi kugwira mpweya kwa kanthawi, ndipo chithunzi chimaoneka bwino phapo likafufuma. Tengani kabuku kawo ka kuchipatala, ekisire zonse ngakhale zakale, ndi zotsatira za makhololo. Ngati anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, munene, chifukwa fumbi la m'migodi limawononga mapapo mwa njira yakeyake.

Podikira zonsezi asavutike ndi ululu. M'zipatala za maboma muli anamwino osamalira odwala matenda aakulu, amene amapereka mofini wamadzi, ndipo mankhwalawa amathandiza pa ululu ndi pa befu pomwe. Fodya asiye ngakhale pano, ndipo asamakhale m'khitchini ya utsi pothawa chisanu cha ku Dedza. Akayamba kulavula magazi ambiri, kutupa nkhope ndi khosi, kusokonezeka mutu, kapena miyendo kufooka mwadzidzidzi, musadikire tsiku limene anakupatsani, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.