Za bowo lolumikiza ndulu ndi thumbo lalikulu

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi. Mwati ali ndi zaka 68, akhala akutsekula m'mimba kwa miyezi, ndipo sikani yaonetsa bowo pakati pa kathumba ka ndulu ndi thumbo lalikulu. Funso lanu ndi lakuti adulirenji thumbo pomwe chodwala ndi ndulu.

Ziwirizi n'zoyandikana. Kathumba ka ndulu kali pansi pa chiwindi, ndipo pomwepo mpamene thumbo lalikulu limakhotera. Miyala yomwe imapangika mu ndulu ikamatupitsa kathumbako kwa zaka, kamamatirira ku thumbo, kenako mwala umadya khoma pang'onopang'ono mpaka kuboola. Imeneyo ndiyo madokotala amati fistula. Si ija ya amayi ovutika pobereka ayi, dzina lokha ndilo lafanana. Kawirikawiri mwala umaboolera kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, ya kuthumbo lalikuluyi ndi yachiwiri, ndipo ambiri imadziwika opaleshoni ili kale mkati. Mayi achita mwayi kuti yaoneka madokotala asanagwire mpeni.

Kutsekula kujanso n'komweku. Ndulu imayenera kuthira m'matumbo aang'ono n'kuyamwidwanso kumapeto kwake, koma ikadzera chidule n'kugwera m'thumbo lalikulu imakoka madzi. Mafuta sagayika bwino, vitamini K amachepa, magazi amachedwa kuundana. N'chifukwa chake amayeza kaye magazi. Tizilombo ta m'chimbudzi timathanso kukwera m'njira ya ndulu, munthu n'kutentha thupi, maso n'kuchita chikasu.

Tsono akachotsa kathumbako, bowo la pathumbo limatsala kukamwa yasa, ndipo kulisiya choncho ndiye kuti chimbudzi chitayikira m'mimba. Kulisoka mmene lililimo sikuthandizanso, poti m'mphepete mwake ndi molimba ndi motupa, ulusi sugwira. Amadula kachidutswa kozungulira bowolo mpaka apeze mnofu wabwino, n'kusoka kapena kutseka ndi stapler. Nthawi zambiri kamakhala kakang'ono ndithu. Amadula chigawo chachikulu pokhapokha thumbo litawonongeka kwambiri kapena akukayikira khansa. Apa ndikupemphani chinthu chimodzi: mudzafunse zotsatira za zomwe adzatumize kulabu, chifukwa khansa ya ndulu nthawi zina imabisala m'kutupa kotereku.

Ndaona ena akuti muumirire opaleshoni ya kamera, ya timabowo ting'onoting'ono ija. Imatheka, inde, ndipo wodwala amadzuka msanga. Koma ine sindingaumirire. Mkatimo zinthu zimakhala zitamatirirana zedi, ndipo choopsa kwambiri ndi kudula mwangozi njira yaikulu ya ndulu. Dokotala akayamba ndi kamera kenako n'kutsegula mimba, sanalephere, waona kuti sakuona bwino. Mwinanso angasiye dala kachidutswa ka kathumbako komwe kamamatira pamalo oopsa. Zimenezo n'zovomerezeka.

Akanakhala ofooka kwambiri, mwina ndi vuto la mtima, pali ERCP: amalowetsa chubu cha kamera kudzera pakamwa, kukulitsa khomo la njira ya ndulu ndi kuchotsa miyala ya m'njiramo, kuti ndulu iziyenda njira yake. Bowo lina limatsekeka lokha akatero, koma osati onse.

Podikira tsikulo muziwayang'anira. Mwala woposa masentimita 2.5 ukhoza kudutsa pabowopo n'kukatsakamira kumunsi kwa thumbo. Mimba ikatupa, akamasanza, chimbudzi ndi mpweya osatuluka, kapena mukaona magazi m'chimbudzi, musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani nawo nthawi yomweyo.