Yankho kwa achemwali ofunsa za ana a mphaka a pansi pa nkhokwe

Achemwali, mwati mwapeza tiana ta mphaka pansi pa nkhokwe, make ndi wolusa wosazolowera anthu, ndipo mukatiyandikira tikumakala n'kuthawa, pomwe inu mukufuna tikhale pakhomo tizigwira makoswe. Zitheka, koma yambani mwaona msinkhu wake.

Mphaka amazolowera anthu mosavuta ali pakati pa masabata 2 ndi 7. Akapitirira miyezi itatu ntchito imakula. Ngati maso ake akadali obiriwira ngati thambo ndipo akuyenda mwadzandidzandi, ndiye kuti akadali wamng'ono. Musamuchotse kwa make asanayambe kudya yekha, cha pa masabata 4 kapena 5.

Mukatitenga, tiikeni m'kachipinda kotseka, muli katoni yobisalamo, madzi ndi beseni la mchenga loti tizichitiramo chimbudzi. Chida chanu chachikulu ndi chakudya. Musasiye mbale yodzadza tsiku lonse ayi. Bwerani ndi usipa kapena matemba owiritsa opanda mchere, khalani pansi, tidye inu muli pompo. Mawa mbale ija muisendeze kufupi ndi miyendo yanu, kenako tizinyambita pa supuni. Kusisita kumayamba mwana ali mkati mwa kudya, kumsana, osati kumaso. Musamuyang'anitsitse m'maso, kwa mphaka kumeneko n'kuopseza. Mkaka wa ng'ombe usiyeni, umatsegula m'mimba.

Amene amaononga ntchitoyi kawirikawiri ndi ana a pakhomo. Amathamangitsa, kunyamula pamchira, kukuwa, zonse mwa chikondi, koma mphaka amabwerera pomwe anayambira. Azilowa mmodzimmodzi, inu mulipo.

Pa chiwewe pokhapo musachite masewera. Anthu timangoganiza za agalu, koma mphaka nayenso amafalitsa. Wina akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Tianato tikabayitse katemera tikakwana miyezi itatu, kwa alangizi a ziweto kapena ku LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira nyama, ngati muli ku Lilongwe. Mukafunsenso mankhwala a utitiri oyenera amphaka, chifukwa ena a agalu, okhala ndi mankhwala otchedwa permethrin, amapha mphaka.

Make uja musalimbane naye kuti alowe m'nyumba. Muzimupatsa chakudya panja, ndipo funsani a ziweto akuthandizeni kumugwira kuti amutseke kubereka, apo ayi miyezi ingapo ikubwerayi mupezanso tiana tina pansi pa nkhokwe yomweyo.