Kodi maliro achotsedwe m'nkhani ya chikondi? Yankho kwa mlembi wachitsikana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akulemba buku lake loyamba. Nkhani yake ndi ya msungwana wa zaka 17, wa Fomu 3, amene amayi ake amwalira n'kumusiyira azing'ono ake atatu, ndipo ali mkati molira wayamba kukondana ndi msuweni wake, mwana wa amalume, zomwe banja lonse likukana. Anzake amene awerenga mitu yoyamba akuti maliro achuluka ndipo chikondi chachepa. Funso lake ndi lakuti, kodi achotse maliro, nanga achite chiyani kuti chikondicho chimvekedi kuti n'choletsedwa?

Achemwali, maliro musawachotse, koma muwasunthe. Ndikuganiza kuti chimene chatopetsa anzanuwo ndi mwambo wa maliro, pakuti aliyense wa ife amaudziwa: masamba oyalidwa pamsewu, amayi a Mvano akuyimba usiku wonse pasiwa, adzukulu akulawirira kumanda, mfumu ikuwerenga chipepeso. Zimenezi zikwane m'masamba awiri kapena atatu. Chisoni chenicheni chimayamba anthu akabalalika, mikeka ikapindidwa, pakhomo pakatsala ana okhaokha ndi mapoto obwereka amene ayenera kubwezedwa kwa eni ake.

Amayi anga atamwalira, kwa miyezi ingapo ndinkatereka madzi a nsima ya anthu asanu ndi mmodzi pomwe pakhomo tinatsala asanu. Dzanja linkapungula ufa monga linazolowera, ndipo ndinkazindikira pomwe ndikuomola, ndikaona chipande chikubwerera mumphika kukatenga mtanda umene unalibe mwini. Palibe amene ankayankhula kanthu. Mng'ono wanga ankangouvundikira m'mbale, ndipo m'mawa tinkaudya mkute. Mukapeza zinthu ziwiri kapena zitatu zoterezi za msungwana wanuyo, simudzafunikanso kulemba kuti analira mosatonthozeka, chifukwa wowerenga adzalira yekha.

Udindo wake nawo uoneke ndi maso. Alawirire kumjigo asanapite kusukulu, asenze chimanga kupita kuchigayo Loweruka, agone khutu lili kwa mwana wamng'ono amene thupi latentha ndi malungo, awerengere ndalama ya fizi ndi ya sopo pa chikuto cha kope la masamu. Musaope kuti owerenga anu aona ngati mukukokomeza. M'zaka za m'ma 1990 mpaka pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, Edzi inasiya makomo ambiri m'manja mwa ana ndi agogo, ndipo ambiri mwa amene adzagule buku lanu anakulira m'makomo amenewo kapena moyandikana nawo. Iwowa adzazindikira msanga ngati mwalemba msungwana amene amakumbukira azing'ono ake pokhapokha nkhani ikafuna kumvetsa chisoni.

Tsopano za msuweniyo, ndipo apa ndiyenera kukuuzani mosabisa kuti chiletso chanu n'chofooka. Pa chikhalidwe cha Achewa, mwana wa amalume kapena wa azakhali ndi msuweni, munthu wochita naye nthabwala, ndipo kale ukwati wa pachisuweni unkaloledwa, mwinanso kuyamikiridwa chifukwa chuma ndi ana sizinkapita kutali. Amene ali achimwene enieni, osakwatirana nawo, ndi ana a amayi aakulu kapena aang'ono, ndi ana a abambo aakulu kapena aang'ono. N'zoona kuti masiku ano mabanja ambiri, makamaka a m'tauni ndi opemphera, sakondwera ndi ukwati wa pachisuweni, koma agogo a m'nkhani yanu akaukana ngati malodza, wowerenga wa kumudzi adzadabwa. Chiletso chimenechi mwachibwereka kwina, ndipo sichikukhala bwino pakhomo la Chichewa.

Chimene chingagwire ntchito chili kale m'nkhani yanu, kungoti simunachione. Mwalemba kuti maliro atatha, amalumewo anatenga makina osokera ndi malata a amayi ake ponena kuti akusunga. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2011, koma mwana wa zaka 17 sangapite kukasumira mwini mbumba, munthu amene adzakhale nkhoswe yake ndiponso amene amayenera kuyimira azing'ono ake pa milandu ya m'mudzi. Tsono taganizirani msungwanayu akulowa m'nyumba ya amalumewo, n'kupeza mnyamata amene mtima wake ukumufuna akuvala malaya osokedwa pa makina a amayi ake. Akamukonda, kodi sakugulitsa malemuwo? Akamukana, kodi sakulanga mnyamata wosalakwa chifukwa cha tchimo la abambo ake? Apa simufunikanso agogo aukali oti aziyima pakhomo ndi ndodo, pakuti woletsa wamkulu ndi msungwana mwini wake, ndipo chiletso chotere sichitha ndi kuthawa usiku.

Palinso funso la kumene adzakhale. Ngati tsogolo la chikondichi ndi chitengwa, kapena kutsatira mnyamatayo ku Lilongwe kapena ku Johannesburg kumene akufuna kukasaka ntchito, ana atatu aja atsala ndi yani? Funso limeneli lizimudzutsa usiku ngakhale pa tsiku limene wasangalala kwambiri, ndipo chisangalalocho chizimuchititsa manyazi, monga zimachitikira munthu akaseka koyamba manda asanaphwe.

Ndikupemphani zinthu ziwiri ndi mtima wonse. Choyamba, mnyamatayo akhale wa msinkhu wake. Olemba ena amatenga mphunzitsi kapena bambo wa golosale amene akulipira fizi, n'kumuveka dzina la chikondi choletsedwa, pomwe zimenezo ndi nkhanza kwa mwana amene alibe pothawira. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana. Atsikana amene adzawerenge buku lanu pansi pa desiki ena a iwo akukumana ndi abambo oterewa, ndipo sindikufuna kuti apeze m'buku lanu chifukwa chowavomerera. Chachiwiri, chikondi chisakhale mankhwala ochiza chisoni. Mnyamatayo angathe kumusenzera thumba la ufa, angathe kukhala naye chete pa khonde la chipatala, koma amayi ake sangawabweze, ndipo tsiku lina msungwanayo adzamukalipira popanda chifukwa, kungoti mnyamatayo akadali ndi amayi ake amoyo.

Mathero sindikusankhirani. Ndingopempha kuti mutu wachinayi, umene mwati ndi pamene awiriwa akumana paokha koyamba, muulembenso ndipo muusunthire tsiku la kumeta, abale atasonkhana kugawa zovala za malemu, msungwanayo atagwira chitenje chimodzi chimene sakufuna kuti chipite kwa wina aliyense. Mukamaliza munditumizire, ndidzauwerenga.