Mzere umodzi, koma m'fayilo watuluka kawiri: yankho langa pa nkhani ya fork ndi printf

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Moatize amene akuphunzira za makompyuta mumzinda wa Tete. Wandilola kuti ndimuyankhire pano, popeza funso lakelo limapunthwitsa ambiri. Analemba motere:

"Akulu, zikomo chifukwa cha zomwe mumatilembera. Kusukulu tayamba phunziro la chamadas ao sistema mu C. Ndalemba kapulogalamu kakang'ono: printf imalemba kuti Moni nonse, kenako ndikuitana fork, basi. Ndikakayendetsa pa terminal, mzerewo ukuoneka kamodzi. Koma ndikalemba ./moni > zotuluka.txt n'kutsegula fayiloyo, ndikupezamo mizere iwiri. Printf ili pamwamba pa fork, nanga mwanayo wailemba nthawi yanji? Chinanso, m'pulogalamu ina ndikalemba ps ndikuona ana anga atalembedwa kuti defunct, ndipo kill -9 sakuwachotsa. Kodi vuto si laputopu yangayi? Ndinaigula ili yakalekale."

Achimwene, laputopu yanu ilibe mlandu. Ngakhale mutagula yatsopano lero, mizereyo ituluka iwiri ndithu. Ndipo ndakondwa kuti simunangofufuta mzere winawo n'kukapereka ntchito kwa aphunzitsi, chifukwa mwaponda pamene pagona phunziro lonseli.

Mukapita kuchigayo simugwira injini. Mumapereka chimanga kwa woyendetsa chigayo, iye ndiye amathira, inu mumadikira ufa kunsi. Pulogalamu yanu nayonso siloledwa kukhudza disiki, sikirini kapena kiyibodi. Zonsezo zili m'manja mwa kernel, pulogalamu yaikulu imene imayang'anira makina onse, ndipo system call, chamadas ao sistema zanu zija, ndiyo njira yokhayo yoipemphera kuti ikuchitireni kanthu: open, read, write, close, fork, execve, ndi zinzake. Zambiri mwa izi zinachokera ku Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba ku Bell Labs mu 1969 ndipo inalembedwanso mu C mu 1973. Linux ya Linus Torvalds, yomwe inayamba mu 1991, inatsata njira yomweyo. Pa makina a x86-64 pempho lililonse lili ndi nambala yake: read ndi 0, write ndi 1, fork ndi 57, execve ndi 59.

Printf mulibe m'kaundula ameneyu. Printf ndi ya laibulale ya C, imakhala mkati mwa pulogalamu yanu, kuno kutsidya kwanu. Kuwolokera kwa kernel kumadya nthawi, choncho laibulale siwoloka ndi chilembo chimodzichimodzi. Imasonkhanitsa zolembazo m'kachigawo ka memore kotchedwa buffer, kenako n'kuzitumiza zonse pamodzi ndi write imodzi.

Taganizirani chapa, minibasi ya pa siteji kuno ku Ulongwe yopita ku Tete. Mwakwera m'mawa, mwakhala pampando, katundu wamangidwa. Kodi mwanyamuka? Ayi, chapa sinyamuka isanadzaze. Buffer imachita chimodzimodzi, kungoti ili ndi malamulo awiri. Ikaona kuti zolemba zikupita pa terminal, pomwe pali munthu akuyang'ana, imanyamuka ikangokumana ndi \n. Ikaona kuti zikupita m'fayilo kapena mu pipe, njira yotumizira zolemba kwa pulogalamu ina, imadikira mpaka idzaze, kawirikawiri mabayiti 4096 pa Linux, kapena mpaka pulogalamu ithe. Moni nonse wanu pamodzi ndi \n ndi mabayiti 11 okha. Pamene mumaitana fork, moniyo anali akadali pampando, sanapite kulikonse.

Pulogalamu imene ikuyenda imatchedwa process. Tsono fork imapanga process yachiwiri, mwana, yofanana ndi yoyamba, kholo, ndi memore yake yonse monga ilili panthawiyo, buffer ili momwemo. Mwana sanabwerere kukayendetsa printf. Anangobadwa ali ndi mabayiti 11 aja m'thumba, kholo nalonso lili ndi ake. Aliyense pofika pa return 0, laibulale inakhuthula buffer yake. Mizere iwiri. Pa terminal moniyo anali atanyamuka kale fork isanachitike, mwana n'kutengera buffer yopanda kanthu.

Musangondikhulupirira, kaoneni nokha. Ikani strace, ndipo mulembe:

strace -f ./moni > zotuluka.txt

Strace imaonetsa pempho lililonse lopita kwa kernel, ndipo -f ndi woiuza kuti itsatirenso ana. Mizere yoyambirira ndi yambiri, ya kutsegula malaibulale, idumpheni. Chakumapeto muona clone, dzina limene glibc, laibulale ya C ija, imapemphera fork pa Linux, ndipo pambuyo pake write(1, "Moni nonse\n", 11) kawiri, pa manambala a process awiri osiyana. Mukachotsa > zotuluka.txt muona write imodzi, ili patsogolo pa clone. Ine tsiku limene ndinaona zimenezi ndi maso anga, zinthu zambiri zomwe ndinkangoloweza zinakhala pamalo pake. Mpaka lero pulogalamu ikandizunguza, ndisanawerenge code ndimayamba ndaiyang'ana ndi strace.

Mankhwala ake ndi mzere umodzi: fflush(stdout); musanaitane fork. Palinso chizolowezi china chabwino: mwana akamaliza ntchito yake atuluke ndi _exit, ya kamzere kutsogolo, chifukwa imeneyo imapita kwa kernel osakhuthula ma buffer amene anatengera kwa kholo. Ngati mwanayo walemba zakezake ndi printf, ayambe wachita fflush yekha.

Pali chinthu m'fayilo yanuyo chimene simunafunse koma ndikufuna muchione. Mizere iwiriyo inandondozana bwinobwino, wina sunafufute unzake. Chifukwa chiyani, popeza ma process awiri analemba m'fayilo imodzi? Mukatsegula fayilo ndi open, kernel imakupatsani kanambala, file descriptor. 0, 1 ndi 2 amakhala otenga kale: zolowa, zotuluka, ndi mauthenga a zolakwika, ndiye fayilo yanu yoyamba kawirikawiri imalandira 3. Nambalayo ili ngati chizindikiro chomwe mwaika pa thumba lanu kuchigayo. Koma pomwe mwafika polemba m'fayilomo, offset, imasungidwa ndi kernel. Fork imapatsa mwana manambala omwewo, olozera ku offset imodzi yomweyo. Mmodzi akalemba mabayiti 11, offset imasuntha kwa onse awiri, mnzakeyo n'kupitiriza pomwepo. Akanakhala kuti aliyense anatsegula fayiloyo payekha pambuyo pa fork, popanda O_APPEND yolamula kuti azilemba kumapeto kwa fayilo, onse akanayambira pa 0 n'kumalemberana pamwamba. Ndiye onani: buffer inagawanika pawiri chifukwa ili kwanu, offset inakhala imodzi chifukwa ili kwa kernel. Pa vuto lililonse la phunziroli, yambani mwadzifunsa kuti chinthu chimene mukuchifunacho chili tsidya liti.

Ngakhale kachizindikiro ka > kamene munalemba kaja ndi ma system call. Pulogalamu yanu sidziwa dzina loti zotuluka.txt. Shell, pulogalamu imene imalandira zomwe mumalemba pa terminal, ndi imene imachita fork, ndipo mwa mwanayo imachita izi isanamusandutse moni:

int fd = open("zotuluka.txt", O_WRONLY | O_CREAT | O_TRUNC, 0644);
dup2(fd, 1);
close(fd);
execvp(argv[0], argv);
perror("execvp");
_exit(127);

Dup2 imatembenuza nambala 1 kuti iloze ku fayilo. Exec imachotsa pulogalamu yakale m'memore n'kuikamo yatsopano, koma nambala ya process imakhala yomweyo ndipo mafayilo otsegula amatsala otsegula, kupatula amene anatsegulidwa ndi O_CLOEXEC. Exec ikatheka sibwerera, n'chifukwa chake mizere iwiri yomalizayo imangoyenda zinthu zikakanika. Poyamba ambiri amadabwa kuti bwanji kuyambitsa pulogalamu kumafuna masitepe awiri, fork kenako exec. Kampata ka pakati pawo ndi komwe mumakonzera mwana mafayilo ake, ndipo ine ndimaona kuti ndi nzeru yokongola kwambiri mu Unix yonse. Nambala ya zilolezo za fayilo, 0644 ili pachitatu mu open ija, musaiiwale mukaika O_CREAT, apo ayi fayilo ibadwa ndi zilolezo zosadziwika. Shell yeniyeni imaika 0666 n'kusiya umask, nambala yonena zilolezo zoti zichotsedwe, ichotsepo zina. Ndi umask ya 022 zimathera pa 0644 pomwepo.

Za ana a defunct aja. Mabuku amawatcha zombie, ndipo ps imawaika chilembo Z. Wina akamva dzinali amaganiza za ndondocha, koma ndondocha amati imagwira ntchito, pamene awa sagwira kanthu. Anatha kale, memore yawo inabwezedwa. Chatsala ndi kamzere m'kaundula wa kernel kosunga nambala yawo ndi mmene anathera, kudikira kuti kholo lidzamve uthengawo. N'chifukwa chake kill -9 sikuwakhudza, palibenso choti aphe. Kholo liitane waitpid(pid, &status, 0), lifunse WIFEXITED ndi WEXITSTATUS kuti lidziwe ngati mwana anatuluka bwino, ndipo kamzere kaja kafufutika. Kholo likatha lisanafunse, anawo amakhala amasiye n'kutengedwa ndi process nambala 1, imene imawadikirira m'malo mwake. M'kapulogalamu ka m'kalasi sizivuta kwenikweni, koma m'pulogalamu yoyenda miyezi yambiri manambala a process amatha.

Ndiwonjezepo nkhani ina imene inandiwawa, chifukwa kuno kwathu imachitika. Chaka china ndinalembera gulu la alimi a kachewere ku Tsangano kapulogalamu kolemba matumba: dzina la mlimi, makilo, ndi ma meticais amene alandire. Ndinkadziwa za buffer, ndiye ndinagwiritsa write mwachindunji, ndili ndi mtima pansi. Madzulo ena magetsi anathima, kompyutayo inali ya padesiki yopanda batire. Atayaka, matumba omaliza amene mlembi anali atangolowetsa kumene munalibe m'fayilo. Mayi wina anaima pakhomo ndi kapepala kake m'manja, kunja kukuzizira monga kumachitira kumapiri kuja, akudikira kuti tipeze matumba ake. Tinawapeza m'kope la mlembi, koma ndinagona mochedwa usiku umenewo.

Chimene ndinaphunzira ndi chakuti kernel nayonso ili ndi chapa yakeyake. Write ikabwerera bwino, ndiye kuti kernel yalandira, osati kuti zafika pa disiki. Zimayamba zakhala mu page cache, m'memore, ndipo Linux ikakhala pa makonzedwe ake a masiku onse imatha kuzisunga mmenemo masekondi 30 isanazitsitsire pa disiki. Pulogalamu ikagwa, zolembazo sizitayika, chifukwa zili kale kwa kernel. Magetsi akathima, zimapita. Wokakamiza kuti zitsike ndi fsync(fd), imene sibwerera mpaka disiki itavomera. Ndi yochedwa, choncho simuiitana pa bayiti iliyonse, koma pa zolemba za ndalama za anthu ndimaiitana pa mzere uliwonse. Ndipo ngati mukusintha fayilo yonse, musalembe pamwamba pa yakale. Lembani yatsopano ya dzina lina m'foda yomweyo, chitani fsync, kenako rename kupita pa dzina lenileni. Rename imasintha dzinalo kamodzin'kamodzi, moti wowerenga apeza fayilo yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu, osati theka. Ofuna kutsimikiza kuti dzina latsopanolo lafikadi pa disiki amachitanso fsync pa foda.

Chonde, achimwene, muziona chimene system call iliyonse yabweza. Zikakanika zimabweza -1 n'kuika chifukwa chake mu errno, ndipo perror imakuwerengerani. Fork nayo imatha kubweza -1. Kuwonjezera apo, read ndi write sizilonjeza kunyamula zonse zimene mwapempha. Mutha kupempha mabayiti 4096 n'kulandira 300, makamaka pa pipe ndi pa netiweki, ndiye muziziika m'lupu yopitiriza pomwe zalekezera. Read ikabweza 0 ndiye kuti fayilo yatha. Ikabweza -1 ndi EINTR, signal, kauthenga kodzidzimutsa process, ndi imene yaidula, ingoyesaninso. Zonsezi zili mu laputopu yanu momwemo, osafuna bandulo: man 2 open, man 2 write, man 2 fork. Gawo 2 ndi la ma system call, gawo 3 ndi la laibulale, ndipo mukalemba man 3 printf muona nokha kuti printf ili mbali iti. Anzanu amene ali ndi Windows adziwe kuti kumeneko kulibe fork, aike WSL, yoyendetsera Linux mkati mwa Windows. Amene ali ndi foni ya Android yokha atha kuika Termux n'kumayesera ndi clang.

Ntchito imene ndingakupatseni ndi iyi: lembani shell yanuyanu yaing'ono. Iwerenge mzere, ichite fork, exec, ndi waitpid. Ikayenda, onjezani > ndi dup2 ija. Kenako yesani ls | wc -l ndi pipe, pomwe wc imawerenga mizere imene ls yatulutsa, ndipo ndikuuzirenitu pomwe mukakodwe. Pipe imakupatsani manambala awiri, wowerengera ndi wolembera, ndipo fork iliyonse imawachulukitsa. Wc sidzaona mapeto a zolemba mpaka mbali yolembera itatsekedwa ndi onse amene aigwira, kuphatikizapo kholo ndi wc mwiniwakeyo. Mukaiwala close imodzi, shell yanu ingoti duu, osatulutsa kanthu, osadandaula. Zikatero tsegulani terminal yachiwiri, pezani nambala ya wc ndi ps, ndipo mulembe ls -l /proc/nambalayo/fd. Chitaninso chimodzimodzi ndi nambala ya kholo. Muona amene wagwirabe mbali yolembera.