Funsani Amalume: Magalasi ojambula vidiyo pa bwalo lowomberapo mfuti

Makalata atatu a mwezi uno onse akunena za magalasi aja okhala ndi kamera pa felemu, amene ayamba kuoneka pa nkhope za anyamata athu Loweruka ku bwalo. Ndayankha yoyambayo motalika chifukwa ikukhudza maso.

Amalume, ndili ndi zaka 29 ndipo ndimakhala ku Chilenje mu Lusaka. Ndinayamba masewera owombera chandamale chaka chatha, pisitolo yanga ndi ya 9mm ndipo chiphaso ndili nacho. Ndimayeserera Loweruka lililonse, koma ukafika mpikisano dzina langa limapezeka kumunsi kwenikweni. Mnzanga wabwera ndi magalasi a Ray-Ban Meta kuchokera ku Johannesburg ndipo akufuna kundigulitsa. Kodi andithandiza kuona pomwe ndimalakwitsa? Nanga ndikawavala, ndingasiye magalasi anga oteteza maso? — Wowerenga wa ku Chilenje

Achimwene, ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri. Yankho lake ndi ayi, ndipo chonde mundimvere.

Kunyumba kwanga ku Kabwata ndimasunga magalasi akale m'dilowa. Galasi la kumanja lili ndi kadzenje kofanana ndi njere ya mpunga. Tsiku limenelo sindinkawombera n'komwe, ndinali woyang'anira bwalo, amene timangomutchula kuti RO, nditaima kumbuyo kwa mnzanga amene ankagwetsa zandamale zachitsulo. Chipolopolo chikamenya chitsulo chimaphwanyika, ndipo kachidutswa kena kanabwerera n'kudzandipeza. Ndinangomva kuti tha! ngati mwala wamenya windo la minibasi. Malamulo a IPSC, bungwe loyendetsa masewera athuwa pa dziko lonse lapansi, amaletsa kuwombera chitsulo ndi pisitolo pafupi kuposa mamita 7, ndipo ife tinali kutali kuposa pamenepo. Kachidutswako kanafikabe. Mpaka lero ndimawerenga ndi maso onse awiri chifukwa cha magalasi amenewo, ndipo aliyense wobwera kumene ku kalabu ndimamugwiritsa kuti apapase kadzenjeko ndi chala chake.

Magalasi oyenera pa bwalo amapangidwa ndi pulasitiki yolimba ya polycarbonate, amakuta maso mpaka m'mbali, ndipo amakhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti anayesedwa. Yang'anani pa felemu: a ku America amalembedwa Z87+, a ku Ulaya EN 166. Magalasi amene mnzanuyo akugulitsa ndi abwino pa ntchito yake, yomwe ndi kuyenda nawo m'tauni, kujambula ana ndi kumvera nyimbo. Sanapangidwe kuti atchinge chitsulo chouluka, ndipo m'mbali mwake ndi mosatseka. Khoko lotentha la chipolopolo likadumpha kuchokera m'mfuti, limatha kugwera pakati pa galasi ndi chikope. Dzanja limathamangira kumaso lisanafunse mutu, mfuti ili m'dzanja linalo.

Palinso makutu. Timiyendo ta magalasi ojambula ndi tonenepa chifukwa m'menemo ndi momwe muli batire ndi timasipika. Mukavala zotsekera makutu zija zazikulu, kamwendo konenepako kamatukula khushoni ndipo phokoso limalowera pamenepo. Kulira kwa pisitolo kumapitirira madesibelo 150, ndipo khutu likawonongeka nako silichira. Ngati mwavala chilichonse cha miyendo yonenepa, lowetsani kaye timasiponji m'makutu, kenako muvale zazikuluzo pamwamba.

Tsopano funso loyamba lija. Vidiyo imathandiza, ndipo ine inandithandiza kwambiri, koma osati pa chinthu chimene mukuyembekezera. Anthu ambiri amaganiza kuti kamera idzawaonetsa zomwe diso linkaona polunjikitsa mfuti. Sizitheka. Pa Ray-Ban Meta amene anatuluka mu 2023, kamera ili pa ngodya ya kumanzere kwa felemu, pamene ambirife timalunjikitsa ndi diso la kumanja. Mu vidiyo mfuti imaoneka ngati yapotolokera kumbali ngakhale munaloza bwino. Komanso kamera zoterezi zimajambula motambalala, moti chandamale choima pa mamita 15 chimaoneka kakang'ono, mabowo ake osaoneka. Ngati vuto lanu ndi kuphonya, pepala la chandamale ndi mphunzitsi woima pambali panu adzakuuzani zambiri kuposa magalasi.

Chimene vidiyo imadziwa bwino ndi nthawi. Mu masewera a IPSC, mapointi anu amagawidwa ndi masekondi amene mwatenga. Mukapeza mapointi 60 mu masekondi 12, mwapeza 5. Mnzanu akapeza 60 omwewo mu masekondi 10, wapeza 6, ndipo wakupitirirani ngakhale mabowo anu ali ofanana. Funso ndi lakuti masekondi awiriwo anapita kuti.

Ine kwa miyezi yambiri ndinkakhulupirira kuti chala changa n'chochedwa. Ndinatha zipolopolo zambiri, ndi mtengo wake umene mukuudziwawu, pofuna kuti ndiziwombera mwachangu. Kenako ndinamangirira kakamera pa kapusi n'kujambula Loweruka limodzi. Madzulo ake nditakhala pansi ndi laputopu, ndinaona munthu amene sindinkamudziwa. Akamaliza kuwombera pamalo amodzi, ankayamba wayang'ana chandamale kuti aone ngati walasa. Akatero ankatsitsa mfuti mpaka pamimba, n'kuthamanga, n'kuima, ndiyeno n'kuyamba kuikweza. Pa malo alionse pankatayika pafupifupi sekondi imodzi, ndipo malo oimapo analipo anayi. Chala changa chinalibe mlandu. Thupi limachita zinthu zimene mwini wake sazimva, ndipo anzanga anali atandiuzapo, koma ndinakhulupirira nditaona ndekha.

Kuwerenga nthawi pa vidiyo n'kosavuta. Kamera yojambula zithunzi 30 pa sekondi imakupatsani zithunzi 6 pakati pa zipolopolo ziwiri zotalikirana ndi masekondi 0.20. Ya zithunzi 60 imakupatsani 12, ndipo pamenepo mumatha kuona bwino nthawi imene chala chachoka pa thiriga posintha magazini, kabokosi kolowetsamo zipolopolo. Muziyendetsa vidiyo chithunzi chimodzichimodzi kuyambira pamene timer, kachipangizo kowerengera nthawi, yalira, n'kumalemba m'kope: kutulutsa mfuti kwatenga zingati, kusintha magazini zingati, kuchoka apa kufika apo zingati. Sankhani chimodzi chokha chimene chikudya nthawi yambiri, mulimbane nacho mwezi wathunthu. Zambiri mwa izi zimakonzeka kunyumba ndi mfuti yopanda kanthu, mutaiona kawiri kuti ilibedi kanthu, zipolopolo zili zokhomera m'chipinda china.

Ndiye ndalama zanuzo muchite nazo chonchi. Magalasi oteteza maso akhale pomwepo. Foni yanu muiike pa kamtengo ka miyendo itatu kumbuyo kwanu, chakumbali pang'ono, pamalo amene RO walola. Imeneyo imaonetsa mapazi, chiuno ndi kumene mfuti yaloza, zomwe kamera ya pamutu sionetsa, ndipo simulipira ngwee. Mukadzafuna kuona dziko kuchokera pamutu panu, kakamera kakang'ono ngati Insta360 GO kapena GoPro kamamangika pa kapusi popanda kukhudza magalasi. Aja otsika mtengo olembedwa 1080p pa bokosi ndinawagulapo m'kashopu kena m'tauni. Chithunzi chinkagwedezeka moti sindinathe kuwerenga kanthu, ndipo batire linafa tisanafike pa siteji yachitatu, kutanthauza gawo lachitatu la mpikisano.

Kamera muziiyatsa RO asananene kuti "Load and make ready". Akangotero, manja anu ali ndi ntchito imodzi, ndipo sindifuna kuona dzanja likufufuza batani pa nkhope mfuti ili ndi chipolopolo. Mu October musaisiye pa dzuwa, imatentha n'kuzima yokha. Fumbi la mu August limafuna kansalu kofewa m'thumba. Ndipo tchajani Lachisanu magetsi akadalipo.

Amalume, pa mpikisano wa mwezi watha RO anandichotsa, akuti mfuti yanga inaloza kumbali kupitirira malire a chitetezo a madigiri 90 kuchokera kumene kuli zandamale, pamene ndinkasintha magazini ndikuthamangira kumanzere. Ndinavala magalasi ojambula ndipo pa vidiyo sindikuona cholakwa. Akuluakulu anakana n'kuiona komwe. Kodi chimenechi ndi chilungamo? — Wokhumudwa wa ku Matero

Pepani achimwene. Kulipira mpikisano, kudzuka m'mamawa, n'kubwerera kunyumba dzuwa lisanafike pamutu n'kopweteka, ndipo sindikupeputsa.

Akuluakuluwo anatsata buku. Malamulo a IPSC amanena poyera kuti mawu kapena zithunzi zojambulidwa sizilandiridwa ngati umboni pa dandaulo. Amanenanso kuti munthu akachotsedwa chifukwa cha chitetezo, komiti ikhoza kuona ngati panali zifukwa zapadera, koma sitsutsa zimene RO wanena kuti anaona. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1976, ndipo chaka chotsatira mpikisano wake wa dziko lonse lapansi unachitikira pafupi pompa, ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Kuyambira nthawi imeneyo anthu akhala akuthamanga ndi mfuti zodzaza pamaso pa anzawo, ndipo chimene chawasunga ndi chakuti RO akakuwa kuti "Stop", nkhani yatha pomwepo.

Ine lamuloli ndimagwirizana nalo, makamaka pa kamera ya pamutu. Kamerayo imatembenuka ndi mutu wanu. Mukayang'ana kumanzere, nayonso yayang'ana kumanzere, ndipo chimulu cha dothi chimene timayezera madigiri 90 chachoka pa chithunzi. Mfuti ikhoza kuoneka kuti yaloza kutsogolo pamene "kutsogolo" kwa kamerayo kuli kale kumbali kwa bwalo. Zimene mwafotokozazi ndazionapo kambirimbiri: munthu wogwira mfuti ndi dzanja lamanja akamasintha magazini amapendeketsa mfuti kuloza kumanzere, ndiye akawonjezera kuthamangira kumanzere komweko, mpope umadutsa malire iye osadziwa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tengani vidiyoyo mupite nayo kwa RO yemweyo tsiku lophunzira, mumupemphe akuonetseni pamene anaona, kenako mubwereze kuyenda komweko ndi mfuti yopanda kanthu, foni ikujambula kuchokera kumbuyo.

Chinanso, magalasi amenewa ali ndi sipika ndipo amalumikizana ndi foni. Pa mpikisano wowombera saloledwa kulandira thandizo lililonse akayamba siteji. Musanayambe tsiku, auzeni akuluakulu a bwalo zimene mwavala, ndipo muwasiyanitse ndi foni kuti pasakhale wokukayikirani.

Amalume, amuna anga amawombera ku kalabu ndipo amaika mavidiyo awo pa Facebook ndi TikTok. Vidiyo ina imayambira pa geti la nyumba yathu, akunyamula chikwama cha mfuti, nambala ya galimoto ikuoneka. Ndikawauza amati ndine wamantha. Tili ndi ana atatu. — Mayi wa ku Chelston

Mayi, mukunena zoona, ndipo muwaonetse bambowo tsamba lino.

Vuto la magalasi n'lakuti munthu amaiwala kuti wawavala. Kamera ya m'manja umailozetsa dala, koma iyi imajambula kulikonse kumene wayang'ana: geti, msewu wa kwanu, kabati yachitsulo yosungiramo mfuti, nambala yodindidwa pa mfutiyo, yunifolomu ya mwana. Mbala yofuna mfuti imafunika kudziwa zinthu ziwiri, nyumba imene ili nayo ndi tsiku limene mwini wake sakhalapo, ndipo vidiyo ya Loweruka lililonse imapereka zonse ziwiri. Chiphaso cha mfuti chimabwera ndi udindo woisunga motetezeka, ndipo kwa ine udindowo umafika mpaka pa zimene munthu amaika pa intaneti.

Bambo, vidiyo yanu iyambe pamene timer yalira, ithe pamene RO wanena kuti "Range is clear". Zapakatipo n'zimene anzanu amafuna kuona. Ija ya pa geti ichotseni lero, ndipo muonenso zakale zonse mmodzimmodzi.

Kumbukiraninso anzanu a pa bwalo. Kanyali kamene kamayaka pa felemu posonyeza kuti magalasi akujambula sikaoneka bwino pa dzuwa la masana, choncho munthu woima nanu pafupi sadziwa. Pakati pathu pali amalonda amene amanyamula ndalama, pali amayi amene achibale awo sadziwa kuti amawombera, pali ena amene ntchito yawo silola nkhope zawo kumaoneka paliponse. Dziko lathu la Zambia lilinso ndi lamulo loteteza zachinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021. Gulu limene ndimaliyang'anira ine timafunsana m'mawa, tisanavale n'komwe zotsekera makutu: ndani akujambula lero, ndipo ndani sakufuna kuoneka. Sabata yatha anakweza manja awiri, ndipo wojambulayo anadikira kuti asunthire kumbuyo kwa benchi asanayatse kamera.